Galimoto Yopendekera Kumanzere

Galimotoyo sinali yanga. Inali ya mkazi wanga, ndipo iye anasiyiridwa ndi amalume ake aakulu amene anagwira ntchito zaka zambiri pa esiteti ina ya fodya. Inali yamtundu wakale uja wokoka ndi matayala onse anayi, yobiriwira mofuwira, yopanda chofewa chilichonse mkati kupatula mipando iwiri yakutsogolo. Ine ndinkangoyendetsa. Iye ankakhala kumanzere, chigongono chili pawindo, n'kumandichenjeza za maenje amene ndawaona kale.

Anamwalirira pampando womwewo, masana dzuwa lili paliwombo, mvula yoyamba isanagwe. Tinali kwawo, kutsidya kwa Rivirivi, kupitirira Nkaya, ndipo anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Atayamba kutaya magazi ndinamunyamula kuti tithamangire kuchipatala ku Balaka. Titawoloka, pokwera gombe la mtsinje, tayirodi, chitsulo chimene chimalumikiza matayala akutsogolo kuti azikhota limodzi, inagunda mwala n'kupindika. Tayala lina linaloza uku, lina uko. Galimoto inakagwera m'dzenje ndipo ekiselo yakutsogolo, chitsulo chonyamula matayalawo, inakhota. Tinadikira ngolo maola awiri. Za maola amenewo sindilemba.

Maliro atatha, thirakitala ina inaikokera galimotoyo mpaka kumsewu, ndipo lole inaibweretsa ku Ulongwe kumene ndimaphunzitsa sayansi pasukulu ya sekondale. Inakhala kuseri kwa nyumba dzinja lonse. Udzu unamera mpaka kufika m'zitseko. Ndinkatulukira khomo lakutsogolo ngakhale popita kuchimbudzi, kuti ndisaione.

Mu Julaye kunabwera amalume ake aang'ono, amene tsopano ndiwo eni mbumba. Anakhala pakhonde, chipewa chili pabondo, ndipo titapatsana moni ananena zimene anadzera. Abale anagwirizana kuti chiliza chimangidwe kumapeto kwa Okutobala, mtsinje usanadzaze. Tsiku lomwelo adzandisudzula, kunena kuti adzandimasula pamaso pa ankhoswe kuti ukwati watha ndipo ndingathe kukayamba moyo wina. Galimoto, pokhala ya kuchikazi, idzabwerera kumudzi.

"Chovuta ndi mwala, akamwini," anatero. "Wa dzina uja munaitanitsa ku Balaka. Malole sawoloka pamtsinje paja. Tikati pangolo, ufika uli zidutswa. Mwala wa apongozi anu aamuna unasweka choncho, mpaka lero dzina lawo lili pawiri."

Ndinati ndidzaubweretsa ndekha.

"Pa chiyani?"

Ndinaloza kuseri kwa nyumba. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Yomweyo?"

"Yomweyo, amalume."

Sanatsutse. Anangovala chipewa n'kunena kuti ansembe auzidwa kale tsiku, ndipo silisinthika.

Kuseri kwa misika ya chimanga pa Ulongwe kuli galaja ya malata akale, ya bambo wina wachikulire, Msilamu, amene anaphunzira ntchito pa galimoto zamtundu womwewu. Ndi anthu amalankhula Chichewa, koma bawuti ikakana kumasuka amaitukwana m'Chiyao. Sadziwa kulemba. Ndinkawatchula kuti amisiri, iwo n'kumanditchula kuti aphunzitsi. Nditawaitana kunyumba, anaizungulira galimotoyo kawiri, n'kugwada kusuzumira pansi.

"Injini ilibe mlandu," anatero. "Koma miyendo yonse ndi ya nkhalamba ngati ine. Mukufuna ikanyamule chiyani?"

Ndinawauza za mwala, matumba a simenti, ndi gombe la Rivirivi.

"Ndiye tisangoibwezera mmene inalili. Mmene inaliri ndi mmene inakugwetserani. Koma mugwire nawo, maso anga anatha. Choko chija mungachisiye?"

Inali nthawi ya tchuthi, choncho ndinkafika m'mawa uliwonse. Tinaikokera ku galajako, tinaikweza pa zitsa za mtengo wa tsanya, n'kuchotsa matayala onse. Ekiselo yokhota ija tinaitaya pambali, tinapeza ina pa galimoto yakufa imene inali kuseri kwa chigayo china ku Liwonde. Tinaiphwasula yonse, kutsuka ndi palafini, kuika mabelingi ena ndi girizi watsopano. Bokosi la chiwongolero linali ndi mpata woti chiwongolero chinkazungulira kotalika ngati chikhatho matayala asanamve kanthu. Amisiri analimanga pang'onopang'ono, khutu lili pafupi, mpaka mpatawo unatsala wa chala chimodzi. Tayirodi yatsopano anailowetsa mkati mwa paipi yochindikala ya pamjigo n'kuwotcherera nsonga zake.

"Iyi ikagunda mwala, wolira akhala mwalawo," anatero.

Kumbuyo tinaganiza zowonjezera zitsulo ziwiri pa sipiringi iliyonse kuti ipirire katundu. Masipiringi a galimoto zimenezi ndi mitolo ya zitsulo zosanjikizana, zokhota ngati uta. Tinagwirizana zowamasula onse anayi kuti tichotse dzimbiri, amisiri asulenso zina mwa zitsulo zotopa. Ine ndinali ndi kope limene ndinkalembamo chilichonse: kutalika kwa mabawuti, chiwerengero cha zitsulo, dongosolo lomasulira. Amisiri ankandiseka.

"Kope lanu likagwera m'oyilo, galimoto yaiwala kwawo."

Iwo anali ndi njira yawo. Chilichonse chochokera kumanja kwa galimoto ankachimanga kansanza. Chopanda kansanza ndiye kuti ndi chakumanzere. Nthawi zambiri ankang'amba malaya akale amene anali pakhoma.

Tsiku lomasula masipiringi ndinachedwa, ndinapita kusukulu kukasainira mapepala ena. Pofika ndinapeza atamaliza, apita kumzikiti. Mitolo inayi inali pansi pamzere. Iwiri inali ndi nsanza, zomangidwa bwinobwino, mfundo ziwiriziwiri. Nsanzazo zinali za chitenje chachikasu cha timbalame takuda.

Ndinachidziwa ndisanawerame. Ndi chimene anavala tsiku lija. Ndinkaganiza kuti chinapita ndi amayi amene anasambitsa thupi, koma chinali chitatsalira pansi pa mpando miyezi yonseyi, ndipo amisiri pofuna nsalu anachipeza pamenepo. Chotsala chake chinali pa benchi, atachipukutira kale girizi.

Sindinakwiye. Ndinamasula mfundo imodzi ndi imodzi, pa masipiringi, pa mabuleki, pa mashokabu, paliponse pamene ndinaona chikasu. Ndinapinda tinsanzato n'kuika m'thumba la malaya. Kenako ndinaphwasula mitolo ija, ndinasonkhanitsa zitsulo zonse pamodzi, ndinazipala ndi kuzipaka penti wakuda, kuti amisiri akabwera aone ngati ndachotsa chifukwa cha pentiyo. Mumtima ndinati kope lilipo. Komanso sipiringi ndi sipiringi, yakumanja ingasiyane bwanji ndi yakumanzere?

Amisiri sanabwererenso tsiku limenelo. Uthenga unawapeza kumzikiti komweko kuti mchemwali wawo wadwalika kwawo ku Machinga, kumapiri. Anapita, ndipo matendawo atasanduka maliro anakhalako milungu yambiri.

Sukulu inatsegulidwa, masiku akuyandikira. Ndinayamba kumanga ndekha ndikaweruka, bambo wokonza matayala wapafupi akundigwirira zolemera. Ndinatsatira kope tsamba ndi tsamba. Loweruka lina chakumasana tinaika matayala, tinachotsa zitsa, n'kutsitsa jeke.

Galimoto inakhala pansi, kenako inapitiriza kutsika mbali imodzi. Inatsika mwakachetechete, monga imachitira munthu akangokhala pampando. Inapendekera kumanzere, makamaka kutsogolo, pansi pa mpando wopanda munthu uja.

Bambo wa matayala anabwerera m'mbuyo masitepe awiri. Ananena kuti wasiya tayala la munthu pamoto, ngakhale kuti panalibe moto uliwonse, ndipo anapita.

Ndinatenga tepi. Kuchokera pansi kufika m'mphepete mwa bodi, kumanzere kunali kotsika ndi zala zinayi. Ndinayeza mpweya m'matayala, unali wofanana. Ndinasinthanitsa matayalawo, sizinasinthe. Ndinakoka chingwe pansi pa galimoto kuchokera ngodya ina kufika ina kuti ndione ngati chimango chake chinapotoka pa ngozi ija. Chinali chowongoka. Ndinaisunthira pamalo ena athyathyathya, kutsogolo kwa sitolo, n'kuyezanso. Zala zinayi.

Mayi wina wogulitsa chimanga, amene ankakonda kuchita nane nthabwala ndikamadutsa, anandiona ndikutuluka nayo pamsewu.

"Aphunzitsi, yadzuka nkhalamba! Koma mwakweza ndani wonenepa chonchi? Tiwaone nawo alamu athuwo!"

Anasuzumira pawindo akuseka. Kenako kuseka kuja kunatha. Mnzake anamukoka chitenje n'kumunong'oneza, ndipo onse anabwerera ku milu yawo ya chimanga. Kuyambira tsikulo amayi apamsikapo ankadutsa kumanja kwa galimotoyo. Wina ankachita chizindikiro cha mtanda. Palibe anandifunsanso kanthu.

Ndinapita kukaiyesa pamsewu wafumbi wolowera ku Shire, pakati pa milambe. Chiwongolero chinali chomvera kuposa kale lonse, koma chinkakokera kumanzere pang'ono, mosalekeza, ngati pali dzanja lina lopepuka limene lagwira m'munsi mwake. Ndikachisiya, galimoto inkapatuka yokha. Ndinazindikira kuti ndikuyendetsa mmene ndinkayendetsera m'miyezi yake yomaliza, kuchepetsa liwiro pa dzenje lililonse, kupewa mizu.

Ndinaima pansi pa mlambe wina n'kuzimitsa injini. Kunali kutentha kwa Okutobala, mlengalenga muli mbuu, nyenje zikulira mbali zonse. Munthu panalibe, ngakhale mbuzi. Chitseko chakumanzere chinali ndi loko wofooka kuyambira kale. Ndinamva kuti khethe, ndipo chinatseguka chokha, pang'onopang'ono, mpaka kumapeto. Ndikudziwa kuti galimoto ikapendekera, chitseko chimatsata kulemera kwake. Ndimaphunzitsa zimenezi Fomu 3. Komabe ndinakhala duu, manja ali pa chiwongolero, kwa nthawi yokwanira kuti mayi woyembekezera atsike bwinobwino. Kenako ndinazungulira n'kukatseka.

Ndinabwererakonso mawa lake, ndi mkuja wake. Ndikaweruka kusukulu sindinkadya, ndinkangotenga makiyi. Sindinkalankhula chilichonse m'galimotomo. Sindinkayang'ananso kumanzere, chifukwa ndikapanda kuyang'ana, thupi langa lonse linkamva kuti tili awiri. Kope ndinalisiya. Ndinaleka kufufuza chimene chalakwika.

Amisiri anabwera kutatsala masiku asanu. Ndinawapepesa za maliro, iwo n'kuyamika. Kenako anaima kutsogolo kwa galimotoyo, mutu atapendeketsa mofanana nayo.

"Anthu akuti muli ndi mlendo," anatero.

Anagona chagada pa katoni n'kulowa pansi. Ndinamva akugogoda zitsulo ndi sipanala, uku ndi uku. Atatuluka anakhala pansi pomwepo.

"Nsanza zanga zili kuti?"

"Ndinachotsa popaka penti."

"Munachotsa. Nanga kope linati chiyani?"

"Silinanene."

"Silinganene. Aphunzitsi, masipiringi a galimoto izi si mapasa iyayi. Akumanja ndi okhota kwambiri, olimba, chifukwa amanyamula dalaivala ndi thanki ya mafuta ili pansi pa mpando wakeyo. Akumanzere ndi ofewa. Zili ngati kutchalitchi kwanu kumudzi, abambo mbali yawo, amayi mbali yawo."

Anaimanso pang'ono n'kuyang'ana galimotoyo, nkhope itasintha.

"Koma mukanangowasinthanitsa, ikanagwera kwa dalaivala. Inu mwachita zoposa pamenepo. Munasakaniza zitsulo zonse mulu umodzi, eti? Zotopa zonse zapita kumanzere. Zimene ndinasula ine, ndi zowonjezera zolimba zija, zapita kumanja. Ine nsanza ndinamanga pa chifukwa."

Ndinapisa m'thumba n'kutulutsa tinsanza tija. Ndinali nditatichapa. Ndinatiika pa bondo langa. Anayang'ana chikasucho, anayang'ana ine, kenako anayang'ana mpando uja kudzera pawindo. Anavula kofia n'kunong'ona mawu a Chiarabu amene Asilamu amanena akamva za imfa.

"Ndinaona ngati nsalu yopukutira," anatero. "Pepani, mwanangu. Bwenzi mutandiuza."

Aka kanali koyamba kundiitana choncho. Kenako ndinanena chimene ndinkachita nacho manyazi.

"Amisiri, singayende choncho? Ulendo umodzi wokha."

"Pa tala ingayende mpaka ku Joni. Koma gombe lija mukulidziwa kuposa ine. Limatsetsereka chammbali, ndipo potsika mtsinje umakhala mbali iti?"

"Kumanzere."

"Kumanzere. Ndiye muikepo mwala ndi simenti pamwamba pa kupendekeraku. Simufika m'madzi, mugudubuzika. Inu mwina mutuluka, ndinu wamng'ono. Mwala sutuluka wamoyo." Anavalanso kofia. "Ine sindikuuzani zimene zili pampandopo, si ntchito yanga, Mulungu ndiye adziwa. Ndikukuuzani zimene zili pansi pake. Sankhani, masiku ndi anu."

Ndinatenga jeke ndekha.

Tinagwira masiku atatu. Tinamasula mitolo yonse, ndipo amisiri ankaika chitsulo chilichonse pansi pa simenti, n'kuyeza kukhota kwake ndi zala, kenako n'kuchiponya ku mulu wake. Nthawi ino ankalemba ndi choko changa, mzere umodzi kumanja, kumanzere osalemba. Ine pambali ndinawerengera mmene galimoto inayenera kupendekera malinga ndi kusiyana kwa zitsulozo. Ndinabwereza katatu. Yankho linkabwera zala zitatu. Ndinali nditayeza zinayi, tsiku ndi tsiku, ndi tepi yomweyo. Chala chinacho sindinachipeze, ndipo amisiri sindinawafunse.

Titatsitsa jeke, galimoto inakhala pansi n'kuima chilili, mbali zonse mofanana. Amisiri anakonzanso loko wa chitseko, ngakhale sindinawapemphe. Ndinalowa, ndinagwira chiwongolero. Munali mopepuka, mwaphee, ngati m'kalasi ana atapita kutchuthi.

Loweruka m'mamawa ndinakatenga mwala ku Balaka. Tinaugoneka pa matayala akale awiri ndi matumba a makoko a chimanga, dzina likuyang'ana kumwamba, n'kuumanga ndi zingwe. Simenti tinaiika kutsogolo kwake. Masipiringi akumbuyo anatsika pang'ono n'kugwira. Ndinadutsa Nkaya dzuwa litakwera, ndinawoloka njanji pang'onopang'ono, ndipo mbali ya kumadzulo mitambo inali itayamba kuunjikana.

Pa gombe la Rivirivi ndinaima. Mwala umene unapinda tayirodi unali pomwepo, nsonga yake ili ndi chipsera choyera. Dzenje lija linali litakwiririka ndi mchenga. Amayi awiri amene ankachapa kumunsi anaimirira n'kumayang'ana. Ndinaika giya yamphamvu, ndinachotsa phazi pa buleki monga amisiri anandilangizira, ndi kuisiya itsike yokha. Inapendekera ku mtsinje mmene gombelo linafunira, zingwe zinalira, ndipo pansi ndinamva chitsulo chikukhula mwala. Chiwongolero chinagwedezeka m'manja mwanga koma matayala sanasiyane. Tinalowa m'madzi ofika m'mawondo, tinakwera tsidya linalo. Pamwamba ndinatsika kukaona mwala. Unalibe mng'alu.

Amuna asanu ndi mmodzi anaunyamula kuchoka pagalimoto kupita kumanda. Omanga chiliza anali atakonza kale maziko, ndipo pofika masana unali utaima. Ansembe anawaza madzi odalitsa, amayi a kwaya anaimba. Apongozi anga aakazi anagwada n'kupapasa zilembozo ndi zala, chimodzi chimodzi, kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ngakhale sadziwa kuwerenga.

Titabwerera kumudzi tinakhala pansi pa mtengo wa mango, achimwene anga, amene ndi nkhoswe yanga, ali pambali panga. Amalume analankhula mwachidule. Anati ndinasunga mwana wawo bwino, palibe mlandu pakati pathu, ndipo kuyambira lero ndine womasuka. Ndikadzapeza wina, ndidzabwere naye adzamuone. Anthu anawomba m'manja mwaulemu. Ine ndinatulutsa makiyi n'kuwapereka ndi manja awiri. Ndinawauza kuti oyilo wa m'maekiselo aziona mvula ikatha, ndipo asamaisiye padzuwa. Anagwedeza mutu. M'mudzi monsemo munalibe wodziwa kuyendetsa. Anyamata anaikankhira pansi pa chisakasa cha fodya, ndipo nkhuku zinayamba kale kulowa pansi pake.

Achimwene anatsala kuti agone konko. Ine ndinali ndi makalasi Lolemba, choncho ndinakwera kabaza wa bambo wina wa m'mudzimo kuti akandisiye ku Nkaya. Pamtsinje tinatsika, iye ananyamula njinga paphewa, ine nsapato m'manja. Madontho oyamba anali atayamba kuboola mchenga, ndipo madzi anali atasintha kale mtundu, kusonyeza kuti kumtunda yagwa yambiri.

"Mwachita mwayi, mawa pano sipawolokeka," anatero bamboyo tili pakati. "Mubweranso liti, akamwini, kuti ndidzakuchingamireni pa siteshoni?"

Anali asanazolowere kuti dzina limenelo latha masana omwewo. Sindinawakonze. Ndinawauza kuti asadzavutike kudikira, ndikadzafuna kubwera ndidzatumiza uthenga. Titafika tsidya lino ndinavala nsapato mapazi ali onyowa, ndipo tinapitiriza ulendo.